Latúe wa ku Chile ndi nkhani yotopetsa ya "zachilengedwe sizivulaza"

Ndatopa nawo mawu akuti "izi ndi zachilengedwe, sizivulaza". Sabata yatha ndinawamvanso kwa mnyamata wina amene anafika pakauntala yanga ya mankhwala ali ndi foni m'manja, akundionetsa chithunzi cha maluwa ofiirira okongola ngati timabelu. "Adokotala, kodi mtengo uwu ungapezeke? Akuti asing'anga a ku Chile amaonera masomphenya." Ndinamuuza kuti achimwene, khalani pansi kaye.

Mtengowo ndi latúe, akatswiri a zomera amautcha Latua pubiflora. Ndi chitsamba chaminga chomwe chimamera m'nkhalango zonyowa za m'mapiri a m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Chile, kuyambira cha ku Valdivia mpaka ku Chiloé, ndipo mwachilengedwe sichimera kwina kulikonse. Ndi cha banja limodzi ndi tomato, mbatatesi ndi fodya, zipatso zake zachikasu zimaoneka ngati timatimati. Eni dziko, a Mapuche ndi abale awo a Huilliche, anaupatsa dzina lomwe m'chinenero chawo cha Mapudungun limanena za chinthu chopha. Olankhula Chisipanishi amati palo de los brujos, mtengo wa mfiti. Rodolfo Philippi, katswiri wa zomera amene anaulemba m'mabuku mu 1858, anautcha Latua venenosa, kutanthauza wapoizoni. Onse amene anakhala nawo pafupi anaupatsa dzina loopsa. Ndi pa foni pokha pamene wasanduka mankhwala ofatsa.

N'zoona kuti a machi, asing'anga a Chimapuche omwe ambiri ndi amayi, ankaugwiritsa ntchito pofuna kulankhula ndi mizimu ndi kudziwa gwero la matenda. Sindinyoza zimenezo. Koma machi amaphunzira zaka kwa machi mnzake wamkulu, amadziwa mtengo wake ndi nyengo yake, ndipo anthu a kumeneko anali ndi zitsamba zomwe ankathamangira munthu akapitirira mlingo. Anthu sasunga mankhwala opulumutsira chinthu chosavulaza.

M'makungwa, m'masamba ndi m'zipatso za latúe muli poizoni wamitundu iwiri, hyoscyamine ndi scopolamine. Mayina awa si achilendo kwa ife azachipatala. Atropine amene timabaya munthu wakumwa tameki ndi wa gulu lomweli, ndipo wapulumutsa anthu ambiri m'zipatala zathu. Kusiyana kwake n'kwakuti wanga ali m'kabotolo kolembedwa mamiligalamu, ndipo namwino amawerenga kugunda kwa mtima akamabaya. Wa mumtengo alibe cholembedwa. Tsamba la mtengo uwu ndi la mtengo uwo sizifanana mphamvu, ngakhale mtengo womwewo umasintha ndi nyengo.

Philippi anasimba za munthu wodula mitengo amene anadzivulaza ndi nkhwangwa, n'kulowa m'nkhalango kukasenda makungwa a tayu, mtengo wina waminga womwe kumeneko amachizira mabala otupa. Anasenda latúe molakwitsa, n'kumwa. Nthawi yomweyo mutu unasokonekera, anasochera m'mapiri, ndipo anamupeza patatha masiku atatu ali chikomokere. Anachira, koma mutu unamupweteka kwa miyezi. Uyutu anali mwana wa nkhalango imeneyo, amene ankaona mitengoyo tsiku ndi tsiku.

Mwina mukuti Chile ndi kutali. Poizoni yemweyu ali kuseri kwa khola lanu. Datura, chitsamba cha maluwa oyera ngati lipenga ndi zipatso zaminga zodzaza timbewu takuda, chimamera chokha m'madzala ndi m'minda kwathu kuno. Ndipo ndi chimene chinandipatsa nkhani yomwe sinandichoke mumtima, ndikugwira ntchito pachipatala china chaboma.

Anali mnyamata wa fomu 3. Anzake anamuuza kuti timbewu timeneti timaposa chamba. Madzulo anayamba kubwebweta, kutola zinthu zosaoneka m'malere, kulankhula ndi agogo ake amene anamwalira kale, kuvula zovala. Abale anati ziwanda. Usiku woyamba anamupempherera. Tsiku lachiwiri anapita naye kwa sing'anga wina amene anawauza kuti mwanayo walodzedwa chifukwa cha nzeru zake kusukulu, n'kumumwetsa mankhwala ena osanzitsa, n'kulandira mbuzi. Anafika naye kwa ife thupi likutentha ngati chitsulo chapadzuwa koma popanda ndi dontho lomwe la thukuta, kukamwa kouma gwa, kamwana ka diso katakula, mtima ukuthamanga, chikhodzodzo chitafufuma chifukwa mkodzo sunkatuluka. Masanzi anali atamulowa m'mapapo. Poizoniyo akanatha yekha m'thupi tikanamuziziritsa, kumuika diripi, kumuika paipi ya mkodzo ndi kumubaya mankhwala omukhazika mtima pansi. Chimene chinamugoneka masabata ndi chibayo cha masanzi aja. Mayi ake anandifunsa kuti, "Bambo, kodi tinalakwa?" Mpaka lero sindikhutira ndi zimene ndinawayankha.

Atadzuka sankakumbukira kanthu. Amenewo ndiwo masomphenya omwe akukugulitsani. Scopolamine amafufuta chikumbumtima cha zochitika, munthu sadziwa kuti zimene akuona si zenizeni, ndipo amatha kulowa mumsewu, m'moto kapena m'madzi akuthamangitsa chinthu chomwe palibe.

Tsono tamverani. Munthu amene anali bwinobwino m'mawa, madzulo n'kumabwebweta, thupi lotentha ndi louma, kamwana ka diso katakula, apite kuchipatala ola lomwelo. Pempherani muli pagalimoto, palibe akukuletsani. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, musamumange ndi zingwe m'nyumba yotentha, musamusiye yekha. Anzake omwe anali naye afunseni mofatsa, chifukwa mukawaopseza abisa, ndipo ife timataya nthawi tikufufuza malungo a m'mutu. Chotsala cha zimene wamwa, tsamba kapena mbewu, chikulungeni m'pepala mubwere nacho.

Ndipo amene akukulonjezani pa WhatsApp kuti akutumizirani ufa wa latúe weniweni wochokera ku Chile, mufunseni kuti pa supuni imodzi pali mamiligalamu angati. Mnyamata wa pakauntala uja ndinamuuza afunse zomwezo. Wogulitsayo anamubuloka.