1998: chaka chimene makatuni a ku Japan anasamukira pakati pa usiku

Mawailesi akanema a ku Japan ali ndi kalembedwe ka nthawi kamene kamadabwitsa mlendo. Amatha kulengeza kuti pulogalamu yakutiyakuti ionetsedwa Lolemba nthawi ya 25:15. Wotchi ilibe ola la 25, koma kwa iwo tsiku silitha munthu asanagone, choncho 25:15 ya Lolemba ndi 1:15 ya m'bandakucha wa Lachiwiri. Pa nthawi imeneyo ana agona, makolo agona, sitima zomaliza zafika kale m'masiteshoni. Otsala pa kanema ndi ophunzira a m'makoleji, anyamata obwera mochedwa kuchokera kuntchito, ndi amene tulo tawathawa. Lero makatuni ambiri a ku Japan, amene dziko lonse limawatcha anime, amaonetsedwa m'maola amenewa, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Koma chizolowezichi si chamakedzana. Chinazika mizu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chaka chimene chinabala zipatso zoyamba zokoma ndi 1998.

Kwathu ku Malawi chaka chimenecho kunalibe n'komwe wailesi yakanema ya dziko lino, poti TVM inayamba kuulutsa mu 1999. Ine makatuni amenewa ndinawaona patapita zaka zambiri, pa madisiki obwereka okandikakandika, kenako pa kompyuta ya mnzanga. Ndinkangowakonda osadziwa kuti ndi a chaka chimodzi. Tsiku limene ndinaona kuti Cowboy Bebop, Trigun, Serial Experiments Lain, Cardcaptor Sakura ndi Initial D anayamba onse pakati pa Epulo ndi Julayi 1998, ndinafuna kudziwa kuti ku Japan kunagwa mvula yanji chaka chimenecho.

Nkhaniyi imayambira kutali. Pa 1 Januwale 1963, katswiri wojambula Osamu Tezuka anayamba kuonetsa Astro Boy pa Fuji TV, gawo limodzi sabata iliyonse. Anthu ambiri ankati sizingatheke, chifukwa filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo kujambula zonsezo pamanja sabata ndi sabata kukanafuna khamu la anthu. Tezuka anachepetsa zojambula: chithunzi chimodzi ankachisiya kwa kanthawi, kamwa yokha n'kumayenda, zina n'kumazibwereza. Anavomeranso ndalama zochepa kuchokera ku wailesi, akudalira kuti adzapeza phindu pa katundu wokhala ndi nkhope za anthu a m'nkhani zake. Njira imeneyi ndiyo inalamulira kwa zaka zoposa 30. Katuni inkaonetsedwa madzulo ana akaweruka kusukulu, ndipo wolipira anali kampani ya zidole kapena ya maswiti. Ngati chidole sichikugulidwa, nkhani inkadulidwa ngakhale ikhale yokoma chotani.

Chimene chinagwedeza mtengowu ndi Neon Genesis Evangelion ya Hideaki Anno, imene inaonetsedwa pa TV Tokyo kuyambira Okutobala 1995 mpaka Malichi 1996. Pamwamba inali nkhani ya ana oyendetsa zimphona zomenya nkhondo, koma mkati mwake inali ya mnyamata wosweka mtima, woopa bambo ake, woopanso kukondedwa. Mathero ake anakwiyitsa anthu ambiri, koma matepi ndi madisiki ake anagulidwa koopsa, ndipo ogulawo sanali ana. Eni ndalama anatsegula maso. Anaona kuti pali akuluakulu okonzeka kutulutsa ndalama zambiri kuti akhale ndi katuni yawoyawo kunyumba. Poti mutu umodzi susenza denga, makampani a mavidiyo, a nyimbo ndi osindikiza mabuku anayamba kusonkha ndalama m'komiti imodzi, aliyense n'kutenga gawo la phindu ndi gawo la chiopsezo. Nthawi ya usiku pa wailesi inali yotsika mtengo, choncho komiti inkaigula yokha. Katuni yoonetsedwa 25:15 inali ngati kulawitsa: amene wakonda akagule tepi kapena DVD, imene inali itangofika kumene m'masitolo a ku Japan kumapeto kwa 1996.

Kenako panachitika ngozi. Madzulo a pa 16 Disembala 1997, gawo la 38 la Pokémon linaonetsa kuwala kofiira ndi kwabuluu kukuphethira mothamanga kwambiri kwa masekondi angapo. Anthu 685, ambiri a iwo ana, anatengeredwa kuchipatala ndi maambulansi, ena akunjenjemera ngati akhunyu, ena akusanza. Pokémon inaimitsidwa miyezi inayi, n'kubwereranso mu Epulo 1998. Mawailesi anakhazikitsa malamulo a kaphethiridwe ka kuwala, ndipo kuyambira pamenepo makatuni ambiri amayamba ndi uthenga wopempha ana kuti aonere m'chipinda chowala, atakhala patali ndi kanema. Mantha sanathere pa kuwala pokha. M'miyezi yomweyo dziko la Japan linali litazunguzika ndi milandu yoopsa yopalamulidwa ndi ana a sukulu, ndipo zala zinkaloza kanema. Wailesi ya TV Tokyo, imene inapsa ndi moto wa Pokémon, inayamba kuopa ngakhale phulusa.

Cowboy Bebop inabadwira m'mantha amenewa. Mtsogoleri wake Shinichiro Watanabe anauzidwa poyamba kuti apange nkhani iliyonse malinga mukhale zombo za m'mlengalenga, chifukwa kampani ya Bandai inkafuna kugulitsa zidole za zombozo. A zidole ataona zimene studio ya Sunrise ikuphika, anabwerera m'mbuyo, ndipo ntchito ikanafera pomwepo pakanapanda nthambi ina ya kampani yomweyo, Bandai Visual, yogulitsa mavidiyo. Itafika pa TV Tokyo pa 3 Epulo 1998, inaikidwa madzulo, nthawi ya ana, ndipo mwa magawo 26 anaonetsa 12 okha ndi gawo lina lapadera lotsekera. Gawo loyamba lenilenilo, lokamba za mankhwala osokoneza bongo, silinaonetsedwe. Nkhani yonse yathunthu inadzaoneka pa WOWOW, wailesi ya setilaiti, usiku, kuyambira Okutobala 1998 mpaka Epulo 1999.

Ndimaikonda Bebop chifukwa cha njala. Nkhani yake ili m'chaka cha 2071, anthu akukhala ku Mars ndi pa miyezi ya Jupiter, koma anthu ake ndi amphawi. Spike ndi Jet amasaka zigawenga kuti alandire mphotho, ndipo mphothoyo nthawi zambiri imathera kulipira zimene aphwanya posakapo. M'gawo loyamba Jet akukazinga ndiwo zimene dzina lake limati muli tsabola wobiriwira ndi nyama ya ng'ombe, koma mu poto muli tsabola yekha. Spike akutokosa m'mbale kufuna kanyama, osakapeza. Aliyense amene anadyapo nsima ya pa 25 mwezi usanathe akudziwa nkhope imeneyo. Pambuyo pake m'chombo chawo cha m'mlengalenga, chotchedwa Bebop, mumalowa Faye, mkazi wa ngongole yosatheka kubweza amene sakumbukira kwawo, mumalowa kamwana kotchedwa Ed ndi galu Ein. Amadya pamodzi, amakangana, amapulumutsana, koma palibe amene amauza mnzake chimene chikumudya mumtima. Keiko Nobumoto, mayi amene anayala nkhani yonseyi, anali ndi luso losiya mawu ofunika kwambiri osanenedwa. Ndiye pali nyimbo za Yoko Kanno ndi gulu lake la Seatbelts: jazz, blues, malipenga olira ngati akuthamangitsana. Nthawi zina Kanno ankapeka nyimbo zithunzi zisanajambulidwe, Watanabe n'kumanga nkhani motsatira nyimboyo.

Anthu a ku Japan amene ankaonera anthu anjala amenewa nawonso sanali pa mtendere. Chuma chimene chinafufuma m'zaka za m'ma 1980 chinali chitaphwa. Mu Epulo 1997 msonkho wa pa zogula unakwera kuchoka pa 3 kufika pa 5 peresenti. Mu Novembala chaka chomwecho banki ya Hokkaido Takushoku inagwa, ndipo kampani yakale yogulitsa masheya ya Yamaichi inatseka, mkulu wake akulira misozi pamaso pa atolankhani, kuchonderera kuti antchito ake asatayidwe. Mu 1998 chiwerengero cha anthu odzipha chinapitirira 30,000 pa chaka. Lonjezo lakale loti ukalowa kampani udzapumira momwemo linali likutha. Sindikunena kuti ojambula anakhala pansi n'kugwirizana zolemba za mavuto a chuma. Koma taonani anthu amene anawapanga chaka chimenecho: oyendayenda opanda kwawo, angongole, othawa dzulo lawo.

Vash wa mu Trigun ndi mmodzi wa iwo. Nkhaniyi, yochokera m'mabuku azithunzi a Yasuhiro Nightow ndipo yojambulidwa ndi studio ya Madhouse, ili pa dziko lachipululu, ndipo pamutu pa Vash paikidwa mphotho ya madola 60 biliyoni. Magawo oyamba ndi nthabwala zokhazokha, munthu wamtali wa chikhoti chofiira wokonda madonasi. Pang'onopang'ono kuseka kumachepa. Vash analumbira kuti sadzapha munthu, ndipo nkhaniyo imamufunsa mobwerezabwereza kuti lumbiro lakelo likulipiridwa ndi magazi a yani. Pamene avula malaya n'kuoneka zipsera thupi lonse, mumazindikira mtengo wa chifundo chake. Ku Japan Trigun sinatchuke kwambiri. Inakapeza kwawo ku America.

Serial Experiments Lain ndiyo mwana weniweni wa 25:15. Siikanatheka nthawi ina iliyonse. Ili ndi magawo 13 okha, inayamba mu Julayi, ndipo imafuna kudekha kwa woona maso a nkhono. Mtsikana wa sukulu wadzigwetsa kuchokera pa nyumba yosanja, ndipo patapita masiku anzake akulandira ma email ochokera kwa iye, onena kuti wangosiya thupi koma ali moyo mu Wired, dzina la intaneti m'nkhaniyo. Lain, mtsikana wamanyazi wovala zogonera za chimbalangondo, ayamba kufufuza, mpaka chipinda chake chidzaza mawaya ndi makina otulutsa madzi pansi. Kenako amva kuti mu Wired muli Lain wina, wolusa, wofalitsa zinsinsi za anzake. Chimene sindiiwala ndi phokoso la mawaya a magetsi, kung'ung'udza kosalekeza pamwamba pa msewu wopanda anthu, mithunzi ili ndi madontho ofiira. Ryutaro Nakamura, Chiaki Konaka ndi Yoshitoshi Abe anapanga zimenezi chaka chimene kampani ya Google inkabadwa kumene, Facebook kulibe, foni ya m'manja ili yongoimbira ndi kutumizira mauthenga afupiafupi. Lero munthu akamalira chifukwa chithunzi chake chazungulira pa WhatsApp, kapena akamakhala wina pamaso wina pa intaneti, ndimakumbukira kamtsikana kaja.

Si zonse zinali zamdima kapena zausiku. Cardcaptor Sakura, ya gulu la amayi olemba ndi kujambula la CLAMP, inayamba mu Epulo pa setilaiti ya NHK ndipo inafika magawo 70. M'makatuni a atsikana amatsenga chizolowezi chinali chovala chimodzi chobwerezedwa sabata iliyonse, poti n'chotchipa kujambula. Sakura amasintha zovala kawirikawiri, chifukwa mnzake Tomoyo amamusokera chatsopano n'kumamujambula pa vidiyo. Ndi nkhani yofatsa, yopanda mdani woipa mtima kwenikweni. Initial D inali ya mnyamata woperekera tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, m'bandakucha pa Toyota AE86 yakale ya bambo ake m'mapiri a Gunma, kapu ya madzi ili pambali pa chiwongolero, lamulo lili loti asatayike ndi dontho lomwe. Magalimoto ake anapangidwa pa kompyuta, ndipo lero amaoneka ngati mabokosi, koma mtima umagundabe akamakhota. Mu Okutobala Anno anabweranso ndi Kare Kano, nkhani ya chikondi cha ku sekondale.

Magalimoto a pa kompyuta aja anali chizindikiro cha zimene zinkabwera. Makatuni ambiri a 1998 anajambulidwabe pa mapepala a pulasitiki oonekera mkati otchedwa cel. Mizere ya chithunzi inkakopedwa pa cel, wina n'kupaka penti kumbuyo, mtundu umodzi umodzi, n'kudikira kuti uume. Kenako cel ankaisanjika pa chithunzi cha malo chopakidwa ndi burashi, n'kuijambula pa filimu, n'kuchotsa, n'kuika ina. Gawo limodzi linkafuna masauzande a mapepala otere. Opaka ndi ojambula zithunzi zapakati ankalipidwa pa pepala, ndalama zochepa zomvetsa chisoni, ndipo ntchito yambiri inkatumizidwa ku South Korea, ku China ndi ku Philippines. Patangopita zaka zochepa pafupifupi studio zonse zinasamukira pa kompyuta. Katuni ya Sazae-san yokha ndiyo inakakamira cel mpaka 2013. Mukaonetsetsa Bebop pa kanema wamkulu mumaona timadontho ta fumbi, kamthunzi kochepa pansi pa cel, mtundu wakuda wozama umene penti yokha imapereka. Manja amene anachita zimenezo anali atazolowera ntchitoyo kwa zaka 35 chiyambire Astro Boy, ndipo anali pa nsonga ya luso lawo pamene lusolo linkatsala pang'ono kutayidwa.

Okonda anime amakangana mpaka lero za chaka chopambana. Ena amati 2006, chaka cha Death Note ndi Code Geass; ena amati 2011, chaka cha Madoka Magica ndi Steins;Gate. Zaka zimenezo zinali ndi makatuni ochuluka, ndipo ena mwa iwo ndi osalala kuposa a 1998. Ine ndimaimabe ndi 1998, chifukwa pa nthawiyo makomiti anali ndi ndalama koma anali asanadziwe chimene anthu a usiku amagula, choncho ankalola zinthu zimene pambuyo pake akanazikana. Atadziwa msika, anayamba kubwereza zimene zinagulidwa chaka chatha.

Pa 2 Seputembala 2001 Cowboy Bebop inakhala anime yoyamba kuonetsedwa pa Adult Swim, gawo la makatuni a akuluakulu pa wailesi ya Cartoon Network ku America, nakonso usiku, ndipo inabwerezedwa kumeneko zaka zambiri. Nakamura wa Lain anamwalira mu 2013, Nobumoto wa Bebop mu 2021. Mwezi watha ndinaonetsa mphwanga gawo loyamba la Bebop pa foni. Iye anazolowera makatuni owala a masiku ano, ndipo poyamba anadandaula kuti chithunzi n'chopapatiza, chili ndi mizere yakuda uku ndi uku. Malipenga aja atayamba anasiya kulankhula. Titafika pa poto wa tsabola anaseka, n'kufunsa ngati Jet adzagule nyama m'gawo lotsatira.