Nsambo ya ukulele imagwira pakona pa bridge

Ambiri amene amandibweretsera ukulele, kachida koimbira konga gitala kansambo zinayi, kuno ku Mangochi amabwera ndi dandaulo limodzi: akamakunga nsambo yatsopano, imangopulumuka isanafike pa mawu ake. Kawirikawiri nsamboyo imakhala ilibe vuto. Cholakwika ndi kamangidwe pa kathabwa ka m'munsi kaja, kamene timati bridge.

Yambani mwakayang'ana. Ngati kali ndi timing'alu tinayi, ntchito ndi yochepa: mangani mfundo kunsonga kwa nsambo, ilowetseni mumng'alu, kokani. Mwa nsambo zinayi zotchedwa G, C, E ndi A, ya A ndi yopyapyala, ndiye mfundo yake muibwereze kawiri kapena muikepo kamkanda.

Ngati kali ndi timabowo, apa ndiye pofunika kudekha. Lowetsani nsambo kuchokera mbali ya chibowo chachikulu chotulutsa mawu, itulukire kumbuyo masentimita 6 kapena 7. Kamchira kameneka kabwezeni pamwamba pa bridge, kadutse kunsi kwa nsambo yaitali, kenaka kapoteni kozungulira chingwe chake chomwe, kawiri pa nsambo yonenepa ya C, katatu pa zopyapyala. Tsono mvetsetsani apa: kupota komaliza kugwere kuseri kwa kona ya kumbuyo, osati pamwamba. Kona imeneyo ndi imene imapana kamchira nsambo ikamakoka. Ikanipo chala mpaka mutakunga pang'ono. Kamchira kotsala kadulidwe, apo ayi kazikanda thabwa n'kumalira ngati njuchi.

Kwathu kuno anthu amafunsa ngati chingwe cha mbedza chingagwire ntchito. Funso labwino, pakuti nsambo zambiri za ukulele ndi za nayiloni kapena fluorocarbon, zomwenso amapangira zingwe zowedzera. Chimatheka ndithu, bola makulidwe afanane ndi nsambo mukuchotsayo. Koma waya, kaya wa gitala kaya wa buleki ya njinga monga timachitira ndi banjo, ayi, chonde musayese. Bridge ya ukulele kawirikawiri imangomatidwa ndi guluu, ndipo waya amaizula. Zimandiwawa kuona chida chabwino chitang'ambika pamimba chifukwa cha zimenezi. Kutentha kwathu kwa mu Okutobala nakonso kumafewetsa guluuyo, choncho musasiye ukulele m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata.

Sinthani nsambo imodzi imodzi, muchune G, C, E, A. Masiku oyambirira mawu azitsika pafupipafupi chifukwa nayiloni imatamuka. Musamasule mfundo poganiza kuti mwalakwitsa. Yang'anani kamchira kaja: ngati sikakufupika, ingochunaninso, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zikhazikika.