Kutupa si akatumba: uthenga kwa anyamata onyamula zitsulo ku Mchinji

Uthenga uwu ukupita kwa anyamata onyamula zitsulo pa Boma, ku Kamwendo, Mkanda, Waliranji ndi Kapiri, kwa makolo awo, komanso kwa eni malo onyamulirako zitsulo. Ndikulemba ngati wogwira ntchito ya zaumoyo m'boma lino, chifukwa pali mphekesera imene yafala ndipo ikundisowetsa tulo. Akuti kuli timapiritsi ting'onoting'ono timene ukamamwa m'mawa ndi madzulo, mikono imadzaza pa masabata awiri okha. Timapiritsito tikugulitsidwa mwamseri pa tsiku la msika, kawirikawiri m'kapepala kopanda dzina. Paketi yake ikapezeka, pamakhala palembedwa kuti dexamethasone kapena prednisolone. Ena akuphatikizanso mankhwala amadzi otsekemera opatsa chilakolako cha chakudya, a cyproheptadine.

Ndinene mosapsatira: mapiritsi amenewa sakulitsa akatumba. Amawadya. Chimene mukuchiona pagalasi ndi mafuta ndi madzi basi.

Mnyamata wina wa kabaza wa njinga yakapalasa anabwera ndi amayi ake. Dandaulo lake linali loti sakuthanso kukwera chitunda atanyamula kasitomala, ludzu silikumutha, ndipo usiku akudzuka kangapo kukataya madzi. Nkhope inali yozungulira, masaya akuwala. Amayi aja anati, "Adokotala, ife zatizunguza. Mwanayu ndiye wayamba kumene kuoneka bwino, mpaka kutchalitchi akumuyamikira kuti wanenepa." Ndinamupempha kuti avule shati. Mimba inali patsogolo, m'mbali mwake muli mizere yofiirira ngati ya mayi woyembekezera, kumbuyo kwa khosi kuli kalinunda. Koma mikono, imene ankaivutikirayo, inali ngati nsungwi. Ndinamuuza kuti anjute, kenako adzuke osagwira kanthu. Anayesa kawiri, kachitatu anagwira mwendo wa tebulo. Amayi ake atatuluka ndi pamene anapisa dzanja m'sokosi n'kutulutsa kapaketi. Anati, "Anzanga anandiuza kuti ndi ma steroid, omwe aja amamwa adzitho a pa TV."

Chisokonezo chonse chagona pa dzina limenelo. Mankhwala otchedwa steroid ali m'magulu awiri osiyana kutalitali, ndipo ogulitsa akupezerapo mwayi. Dexamethasone ndi prednisolone ali m'gulu lotsanzira cortisol, michere imene imapangidwa ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Kuchipatala ndi mankhwala amtengo wapatali. Timapatsa munthu amene mphumu yamutsekereza, timabaya mayi amene akufuna kuchira masiku asanakwane kuti mapapo a mwana akhwime, ndipo mu 2020 dexamethasone anapezeka kuti amapulumutsa odwala Covid-19 amene afika posowa mpweya. Koma timapereka pa mlingo wowerengeka ndi masiku owerengeka, chifukwa dexamethasone ndi wamphamvu pafupifupi maulendo 25 kuposa cortisol wa m'thupi mwanu.

Mukamamwa tsiku ndi tsiku, thupi limayamba kuphwanya minofu yake n'kuisandutsa shuga, ndipo limayambira pa ntchafu, m'mapewa ndi m'mikono ya kumtunda, malo omwewo mukufuna kuti akule. Mafuta amasamukira kunkhope, kukhosi ndi pamimba. Njala imakula, sikelo imakwera. Zina ndingozitchula mothamanga: shuga, BP, zilonda za m'mimba, ziphuphu, khungu lopyapyala losachedwa kuchita zipsera, ng'ala m'maso, kusowa tulo, kupsa mtima, mafupa ofewa, nthawi zina mpaka fupa la m'chiuno kufa. Chitetezo cha m'thupi chimatsika, moti TB imene inagona imatha kudzuka. Kwa amene muli pa ma ARV kapena muli kale ndi shuga, ndiye kuthira palafini pamoto.

Chondidetsa nkhawa kwambiri si mndandandawu. N'chakuti palibe amene amadzidzimuka. Kwathu kuno "mwanenepatu" ndi moni wabwino, ndipo munthu akaonda anthu sachedwa kunong'onezana. Ndiye nkhope ikayamba kuzungulira, agogo akondwa, chibwenzi chikondwa, mwini wake awonjezera piritsi lina. Chizindikiro choyamba cha matenda chikulandiridwa ndi nthungululu. Chonde, yang'anani mikono ndi ntchafu, osati masaya. Munthu amene akumanga minofu amanyamula zolemera kuposa mwezi watha. Munthu amene akutupa amalemera pa sikelo koma ndowa ya madzi imamukanika.

Gulu lachiwiri, la ma anabolic steroid, ndi limene limatsanzira mphamvu yachimuna. Amenewo amakulitsadi minofu, sindikunamizani, koma malipiro ake ndi mtima, chiwindi, mabere kumera pachifuwa cha mwamuna, tiziwalo topanga umuna kufota ndi mbewu ya abambo kuchepa. M'masewera ampikisano ndi oletsedwa padziko lonse. Amene akubayana majakisoni kuseri kwa nyumba akuwonjezerapo zithupsa za mafinya, HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ngati singano ili imodzi. Cyproheptadine uja ndi mankhwala a ziwengo, amangokupatsani njala ndi tulo. Wa kabaza wa njinga yamoto akumwa zimenezo n'kumasinza pa msewu wa ku Lilongwe, mukuganiza kuti zitha bwanji?

NGATI MWAYAMBA KALE KUMWA, MUSASIYE NOKHA

Apa werengani kawiri. Munthu akamwa dexamethasone kapena prednisolone kwa masabata opitirira atatu, tiziwalo ta pamwamba pa impso tija timagona, poona kuti ntchito yawo ikugwiridwa ndi piritsi. Mukasiya lero ndi lero, thupi limatsala lopanda cortisol. Mumafooka mpaka kulephera kudzuka pamphasa, mumasanza, m'mimba mumapweteka, chizungulire, BP imagwa, mukhoza kukomoka ngakhale kumwalira kumene. Kunyumba amati ndi malungo. Ena amati wapondetsedwa, ulendo wa kwa asing'anga uyambike. Ena amamwanso piritsi lija, n'kupeza bwino pa maola ochepa, ndiye amati, "Mwaona, mankhwalawa ndi amene amandipatsa mphamvu." Ayi achimwene, thupi lakodwa mumsampha. Njira yotulukira ndi imodzi: dokotala azikuchepetserani mlingo pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi, uku akuyeza shuga ndi BP.

Ndipo dokotala sangalote. Mukabisa, tidzayeza malungo, tidzapeza mulibe, tidzakupatsani panado, mudzabwerera kunyumba ndi vuto lanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sitikutengerani kupolisi, sitikauza makolo anu ngati ndinu wamkulu. Tikungofuna tidziwe dzina la mankhwala, mapiritsi angati pa tsiku, kuyambira liti.

NANGA MIKONO IMAKULA BWANJI?

Kufuna mikono yamphamvu si tchimo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, likuti munthu wamkulu aliyense azichita masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Aliyense, amayi ndi achikulire omwe. Amayi musaope kuti muoneka ngati abambo, thupi lanu silipanga mphamvu yachimuna yochuluka choncho. Mikono imangolimba, mtondo ndi mtolo wa nkhuni n'kupepuka.

Anyamata ambiri amangolimbana ndi katumba wa kutsogolo, uja timaonetsa tikapinda mkono. Koma mnofu waukulu pa mkono wa kumtunda ndi wa kumbuyo, umene umawongola chigongono. Amene akufuna kuti malaya athine pamkono ayambire kumeneko. Maphushapu oyika manja moyandikana, zigongono zitakhudza nthiti, amaugwira bwino kwambiri. Ngati 5 akukanika, yambani mawondo ali pansi kapena manja ali pa khonde. Njira ina, khalani m'mphepete mwa benchi yolimba, manja agwire benchiyo, sunthani matako patsogolo, tsikani mpaka chigongono chipange kona, kenako kankhani. Musatsike kupitirira pamenepo, phewa limavulala. Mukhozanso kugwira chigubu ndi manja awiri pamwamba pa mutu, kuchitsitsira kumbuyo kwa khosi n'kuchikwezanso.

Za katumba wa kutsogolo, simukusowa jimu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 ndi chitsulo cha makilogalamu 5, ndipo mukhoza kuchepetsa kapena kuwonjezera madzi mmene mukufunira. Imani chilili, chigongono chikhale m'nthiti, pindani mkono, kenako tsitsani mukuwerenga mpaka 3. Kutsitsako ndiye ntchito yeniyeni. Ndimaona anyamata pa zitini za penti zothira simenti zija akudziponya chagada, msana ukupindika ngati uta, chitsulo n'kuchisiya chigwe chokha. Pamenepo mkono sunagwire ntchito, wagwira ndi msana, ndipo tsiku lina udzabwera kudzadandaula. Onjezerani kudzikoka pa nthambi yolimba ya mango, zikhatho zitayang'ana kwa inu, ndi kuyenda mutanyamula ndowa ziwiri, uku ndi uku. Musanalendewere, iyeseni kaye nthambiyo.

Mlingo wake ndi uwu. Sankhani kulemera kumene mungakunyamule maulendo 8 mpaka 12, awiri omaliza akhale ovuta koma osakhota thupi. Pumulani mphindi imodzi kapena ziwiri, bwerezani kawiri kapena katatu. Yambani mwatenthetsa thupi kwa mphindi 5 mpaka 10. Tulutsani mpweya pokweza, musaubanike, makamaka ngati muli ndi BP. Pakati pa tsiku lonyamula ndi linzake papite maola 48, chifukwa mnofu umakula mukupuma ndi pogona, osati chitsulo chili m'manja. Tulo ta maola 7 mpaka 9 ndi gawo la masewerawo. Maulendo 12 akayamba kupepuka, onjezerani pang'ono. Ndipo musaiwale miyendo ndi msana, thupi si mikono yokha.

Tsopano mvetserani pamene ambiri amagwera. Masabata oyambirira mphamvu zimakwera koma mkono suoneka kusintha, chifukwa ndi misempha imene ikuphunzira ntchito. Kukula kooneka ndi maso kumafuna masabata 8 mpaka 12, kwa ena kuposerapo, ndipo matupi amasiyana malinga ndi mtundu wa kwanu. Ndi pa sabata yachitatu kapena yachinayi pamene mnyamata amakhumudwa, mnzake n'kumunong'oneza za timapiritsi. Ndibwerezenso: chilichonse chokusinthani nkhope pa masabata awiri sichinamange mnofu. Mnofu sukula mwa liwiro limenelo.

Chakudya ndiye Mchinji sitingadandaule. Wonyamula zitsulo amafuna mapuloteni pafupifupi magalamu 1.2 mpaka 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 60 akufuna pakati pa magalamu 70 ndi 100. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Mtedza wokwana magalamu 100 uli ndi pafupifupi 25, soya wouma amaposa pamenepo. Onjezerani nyemba, nandolo, usipa, matemba, mkaka, ngumbi pa nyengo yake, phala la soya lothira nsinjiro m'mawa. Timalima mtedza ndi soya, n'kugulitsa zonse kwa mavenda, ndalama yake n'kukagula mapiritsi odya minofu. Zimandipweteka mtima. Sungani thumba limodzi. Mtedza wa chuku tayani, umawononga chiwindi. Magulu 6 a zakudya aja munaphunzira kusikelo ya ana sanalembedwere ana okha. Kachasu ndi kumwa mowa mowirikiza zimabweza ntchito yonse m'mbuyo.

Kuwawa pang'ono kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa, kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Koma mukanyamula mopitiriza muyeso, mikono n'kutupa mpaka kukanika kuwongoka, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mnofu wophwanyika umatseka impso. Chimodzimodzi mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena china chake chikaduka pachigongono n'kusiya chotupa.

Eni malo onyamulira zitsulo, inu ndi amene mumaona anyamatawa atavula malaya. Mukaona wina nkhope ikuzungulira, mizere yofiirira m'khwapa ndi pamimba, koma chitsulo chimene ankanyamula mwezi watha chikumukanika, mutengereni pambali mumufunse bwinobwino, osamuseka pagulu. Makolo, chimodzimodzi. Musamulande mapiritsi n'kukawataya m'chimbudzi, ngakhale mtima ukuuzeni choncho, chifukwa mukhoza kumugwetsa m'ngozi ndafotokoza ija. Ogulitsa, mankhwalawa ndi operekedwa pokhapokha dokotala atalemba, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi limene limapereka chilolezo chogulitsa mankhwala m'dziko muno. Kuwayala pa chiguduli pamsika ndi kuphwanya lamulo.

Amene mwamwa kwa masabata atatu kapena kuposerapo, pitani ku chipatala cha boma pa Mchinji kapena chipatala chilichonse chapafupi sabata ino, osati mukakolola. Mlingo wa lero imwani monga mwa masiku onse, musauwonjezere, musaudumphe. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi paketi ya mankhwalawo, ngakhale ili yopanda kanthu, ngakhale ndi kapepala chabe kokhala ndi piritsi limodzi lotsala. Ngati munasiya kale ndipo mukusanza, mukumva chizungulire kapena mukulephera kuima, musadikire kuti kuche, ndipo wokuperekezaniyo akangofika auze namwino dzina la mankhwalawo asanakhale pa mzere.