Kastomala akati sadya guluteni, musathamangire ufa wakunja

Mwezi watha ndinali kukitchini kwa mayi wina amene akutsegula kashopu ka khofi ku Lilongwe, wagula makina a espresso, khofi wa ku Mzuzu wafika, nde akundionetsa mapaketi a ufa wa gluten-free, kutanthauza wopanda guluteni, ochokera ku Joni, mtengo wake mutu kuwawa. Ndinamufunsa kuti mayi, zitumbuwa mumazitha? Anaseka, amvekere za pamsika zija? Eya, zomwezo.

Guluteni ndi puloteni amene ali mu tirigu, balere ndi rye, mbewu ina yofanana ndi tirigu. Ndi amene amapangitsa kuti mtanda wa buledi uzitamuka mukamakanda. Ambirife tilibe naye vuto, koma pali matenda otchedwa celiac, amene amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa 100 aliwonse m'maiko amene anayeza bwino, thupi likaona guluteni limayamba kuwononga lokha mkati mwa matumbo aang'ono, munthu kumangotsegula m'mimba, kutupikana, magazi kuchepa, mwana osakula bwino. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndi amene anatsimikiza kuti vuto ndi tirigu, ataona kuti ana odwalawa anapeza bwino buledi atasowa pa njala ya m'dzikolo ya 1944 mpaka 1945. Mpaka lero mankhwala ake ndi amodzi basi, kusiyiratu guluteni. Pali enanso amene alibe celiac koma tirigu amawavuta m'mimba, ena angosankha okha. Inu pa kauntala simungadziwe kuti uyu ndi uti, nde aliyense mtengeni ngati wodwala.

Mwayi wathu kuno ndi woti zakudya zathu zambiri zilibe guluteni chibadwire. Chimanga, chinangwa, mbatata, mpunga, mawere, mapira, mtedza, nthochi, zonsezi zili bwino. Chigumu cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa chimakoma ndi khofi kuposa makeke ambiri amene ndalawa m'tauni muno, bola osathiramo kafulawa "kuti chigwirane" ngati mmene ena amachitira. Mbatata yootcha, futali, keke ya ufa wa mpunga ndi mtedza wosinja. Khofi yekha ndi mkaka alibe vuto.

Pamene pamagona nkhani ndi m'kitchini. Muyezo wa Codex, malamulo a zakudya a padziko lonse, umati chakudya chitchedwe gluten-free pokhapokha guluteni asapitirire mamiligalamu 20 pa kilo imodzi, kutanthauza kuti nyenyeswa za buledi zotsalira pa mpeni zikhoza kukuonongerani mbale yonse. Ndipo moto supha guluteni, si kachilombo ayi. Mukakazinga zitumbuwa m'mafuta amene mwakazingira mandasi, zitumbuwazo zatha ntchito, ngakhale mafutawo awire bwanji. Chimodzimodzi tosita, sefa, mthiko, thabwa lodulira, chopanira chimene chagwira sikono kenako n'kugwira chigumu, majarini amene mwapisamo mpeni wa buledi. Fulawa naye amauluka, mukamasefa amakatera pa chilichonse chili pafupi. Nchifukwa chake ine ndimati zopanda guluteni ziphikidwe m'mamawa tebulo lili lopukuta fulawa asanatsegulidwe, zikhale ndi ziwiya zakezake zopaka chizindikiro, ndipo mu galasi loonetseramo zakudya ziikidwe pa shelefu ya pamwamba zovindikira, kuti nyenyeswa za masikono zisagwerepo.

Kenako pali zobisala, izi zimapusitsa ngakhale ophika akale. Milo ali ndi chimera cha balere. Soy sauce wambiri ali ndi tirigu. Masoseji ambiri amathiramo nyenyeswa za buledi, timakyubu tina ta supu timakhala ndi fulawa, oats nawo kawirikawiri amasakanikira ndi tirigu ku fakitale, nde mkaka wa oats musangoti ndi wabwino musanawerenge paketi. Werengani nthawi iliyonse mwagula, makampani amasintha zosakaniza osakuuzani.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi weyitala woyankha mongofuna kusangalatsa. Kastomala afunsa kuti keke iyi muli tirigu? iye osadziwa, koma poopa kuoneka mbuli amvekere ayi bwana mulibe. Muphunzitseni kunena kuti dikirani ndikafunse, ndipo kukitchini kukhale pepala lolemba zosakaniza za chinthu chilichonse. Ngati kitchini yanu ndi kachipinda kamodzi ndipo tsiku lonse mukuphika masikono, musalembe gluten-free pa menyu, lembani kuti tapanga opanda tirigu koma kitchini yathu imagwiritsanso ntchito fulawa, mwini wake asankhe yekha. Wa celiac amakukhulupirirani kwambiri mukatero.

Mayi uja tinagwirizana kuti ayambe ndi zinthu ziwiri zokha, chigumu ndi zitumbuwa za m'poto wakewake, ufa wa ku Joni uja athere womwe anagulawo.