Ndege yakale si bokosi la maliro

Ndatopa nazo zomwe ndakhala ndikumva zaka ndi zaka kuno ku Kasungu, zoti ukagula kandege kakang'ono kakale ndiye wadzigulira bokosi la maliro. Ayi abale. Ma Cessna 172, omwe ndi tindege ting'onoting'ono, anayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo ena a nthawi imeneyo akuulukabe mpaka pano, chifukwa ndege sayiyeza ndi zaka, amaona maola omwe injini yagwira ntchito, injini zambiri zikafika maola pafupifupi 2,000 amaziphwasula n'kuzikonzanso, ndipo zonsezi zimalembedwa mu logbook, buku losunga mbiri ya ndegeyo. Wofuna kugula amabweretsa makaniko wake wa ndege, osati wa ogulitsayo, asuzumire dzimbiri m'mapikomo, ayeze compression, yomwe ndi mphamvu imene injini imapanikizira mpweya m'masilinda ake. Ndiye musanatumize nkhanizi pa WhatsApp, tayambani mwafunsa kuti logbook ya ndegeyo ikuti chani.