Thoran, ndiwo za ku Kerala zomwe zinalandira mbewu zachilendo

Ku Kerala, chigawo cha kummwera chakumadzulo kwa India komwe amalankhula Chimalayalam, mpunga wa masana sudyedwa wokha. Pambali pake pamakhala thoran, masamba odulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, osakaniza ndi kokonati wopala, opanda msuzi ngakhale dontho. Kumpoto kwa chigawochi, cha ku Malabar, ambiri amati upperi.

Kaphikidwe kake nkachidule. Mayi amakhala pa chirava, kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo kwake, n'kupala kokonati wogawa pakati mpaka mbale itayera. Kokonatiyo amamuphwanya pang'ono pamodzi ndi tsabola wobiriwira, tianyezi tofiira ndi turmeric, ufa wachikasu uja. M'chiwaya amathira mafuta a kokonati, n'kuponyamo njere za mpiru kuti zithetheke, kenako masamba onunkhira otchedwa kariveppila. Ndiwo zikalowa amavundikira pa moto wochepa kuti zipse ndi nthunzi yake yomwe. Madzi akachuluka, ndiye kuti zalakwika. Ntchito ya kokonati pano ili ngati ya nsinjiro mu ndiwo zotendera, kungoti thoran imatuluka youma, yoyoyoka.

Lero mukalowa mu lesitilanti ya anthu a ku Kerala, kaya ku Kochi, Dubai kapena London, thoran yomwe mungaipeze msanga ndi ya kabichi, ya karoti kapena ya zitheba. Komatu zimenezi ndi zobwera. Kabichi ndi karoti zinafala m'nthawi ya Angerezi, ndipo zimakonda kumapiri kozizira monga ku Nilgiris, m'dera la Tamil Nadu. Thoran yakalekale inkachokera kuseri kwa nyumba: bonongwe yemwe iwo amati cheera, masamba a maungu, masamba a chammwamba, duwa la nthochi, mtima wa thunthu la nthochi, ndi chipatso chachikulu chotchedwa chakka chisanapse, pamodzi ndi njere zake zomwe. Zinali ndiwo za munthu wosapita ku msika.

Ngakhale tsabola amene akuoneka ngati mwini nyumba ndi mlendo. Mu May 1498, Vasco da Gama anakocheza pafupi ndi Kozhikode, mzinda wa m'mbali mwa nyanja ku Kerala, atadutsa gombe la Mozambique ndi Malindi wa ku Kenya. Ankafuna tsabola wakuda, yemwe kwawo kwenikweni ndi kumapiri a ku Kerala komweko. Apwitikizi omwe anabwera pambuyo pake anafika ndi mbewu za ku America: tsabola wowawa uyu timamudziwa ife, papaya, chinanazi ndi chinangwa. Papaya wosapsa analowa m'chiwaya cha thoran, ndipo lero palibe amamuyesa wachilendo. Chinangwa chinatenga nthawi kuti chizolowereke, mpaka mfumu Visakham Thirunal ya ku Travancore (ufumu wakale wa kummwera kwa Kerala), yomwe inalamulira kuyambira 1880 mpaka 1885, inalimbikitsa anthu kuti azichilima podziteteza ku njala.

Ine ndimaona kuti mphamvu ya thoran yagona pamenepa. Masamba amatha kusintha, koma kokonati, njere za mpiru ndi moto wochepa sizisintha, ndiye mbewu iliyonse yofika imapeza malo.

Ulemu wa thoran umaonekera pa Onam, chikondwerero cha zokolola cha m'mwezi wa Chingam, chomwe chimagwa mu August kapena September. Mwambo umati mfumu yakale Mahabali imabwera kudzaona anthu ake kamodzi pachaka, ndipo amailandira ndi sadya, phwando lopanda nyama lomwe amagawira pa tsamba la nthochi. Patsambapo pamatha kukhala mitundu ya zakudya yoposa 20, chilichonse ndi malo ake. Thoran imaikidwa chakumtunda kwa tsamba, pamzere umodzi ndi ndiwo zina monga avial, olan ndi pachadi, mpunga uli chakumunsi. Mabanja ena osunga mwambo saikamo anyezi kapena adyo pa tsikuli. Ndiwo zomwe wosauka amadya tsiku ndi tsiku zimakhala pa phwando lomwelo ndi phala lotsekemera lotchedwa payasam, osachita manyazi.

Chodandaulitsa n'chakuti kuseri kwa nyumba kuja kwachepa. Chigawo cha Kerala chinakhazikitsidwa pa 1 November 1956, ndipo kuyambira m'ma 1970 anthu ake ambiri anapita kukagwira ntchito kumaiko a Aluya. Minda yambiri inasanduka ya mitengo ya labala kapena malo omangapo nyumba. Masamba ambiri tsopano amabwera pa malole kuchokera ku Tamil Nadu ndi Karnataka, ndipo nkhawa ya mankhwala opopera mbewu yakhala ikukambidwa kwambiri, makamaka Onam ikayandikira. N'chifukwa chake boma la chigawochi limagawa mbewu kuti mabanja azilima okha, ena m'matumba pamwamba pa nyumba. Magulu a amayi a Kudumbashree, bungwe lomwe linayamba mu 1998, amabwereka minda n'kulima bonongwe, nyemba zazitali ndi nthochi zomwe amakagulitsa m'misika ya Onam.