Sitima ya ku Beira inaima kale boma lisanapereke njanji

Mukakhala pa Park Station ku Johannesburg kudikira basi ya kumudzi, simulephera kumva wina akunena kuti boma likanapanda kupereka njanji ku kampani, bwenzi sitima ikufikabe ku Beira. Anzanga, zaka zikukana.

Kampani ya Central East African Railways inayamba kuyendetsa njanji yathu mu 1999. Pamenepo n'kuti njira yodzera ku Nsanje ndi pa mlatho wa Dona Ana, wowoloka mtsinje wa Zambezi, itafa kale m'zaka za m'ma 1980, chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni ku Mozambique. Kenako mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pafupi ndi Chiromo.

N'chifukwa chake kuitsegulanso yonse kukufuna milatho yatsopano ndi njanji yokwera yoti madzi a Shire ndi Ruo asaifike. Ya ku Nacala, yodzera pa Nayuchi, ndiye ikuyenda.